Kugona mu kahotela ku Kumbakonam, tauni ya akachisi ku India: Mafunso ndi mayankho

Anthu akwathu ambiri opita ku India amathera ku Delhi, Mumbai kapena Chennai, ena kuchipatala, ena kusukulu, ena kukaoda katundu. Pamapezeka ena amene akapeza timasiku topuma amafuna kutuluka mumzinda kuti aone kumene eni dziko amapita akafuna kupembedza. Mayankho awa ndi a anthu otero. Mfundo yoyamba kuisunga ndi iyi: timahotela ta ku Kumbakonam sanatimangire alendo odzaona malo. Anatimangira mabanja odzapembedza, ndipo zonse, kuyambira nthawi yodzuka mpaka zakudya, zimayendera kachisi.

Kodi Kumbakonam ili kuti, ndipo kuli chiyani?

Ili m'chigawo cha Tamil Nadu kummwera kwa India, m'boma la Thanjavur, pakati pa mitsinje iwiri: Kaveri kumpoto, Arasalar kummwera. Kalembera wa 2011 anapezako anthu pafupifupi 140,000, ndiye pa muyeso wa India ndi katauni chabe. Kuzungulira konse ndi minda ya mpunga, nthochi ndi migwalangwa ya kokonati.

Dera limeneli linali phata la ufumu wa Chola, ndipo mafumu ake ankapikisana pomanga akachisi amiyala. M'tauni mwenimwenimo muli kachisi wa Adi Kumbeswarar, wa mulungu Shiva. Wa Sarangapani, wa Vishnu, amene nsanja yake ya pachipata ndi yosanjikizana ka 11. Wa Nageswaran, amene wapitirira zaka 1,000. Ndi wa Ramaswamy, amene makoma ake anajambulapo nkhani ya Rama kuyambira poyamba mpaka pothera. Ang'onoang'ono ndiye osawerengeka. Mukhoza kukhota ngodya mukufuna sopo, n'kupezeka mwaima pachipata cha kachisi.

Kahotela kake kamakhala kotani?

Kawirikawiri ndi nyumba yosanja kawiri kapena katatu, yopanikizika pakati pa masitolo. Polowera pali tebulo la wolandira alendo, kumbuyo kwake chithunzi cha mulungu wa mwini hotela, chovekedwa nkhata ya maluwa, lubani akufuka. M'mawa mukatsika mupeza pakhomo atathirapo madzi ndi kujambulapo kolam, timizere ta ufa woyera timene amayi amalemba ndi zala tsiku lililonse. Yesetsani kusapondapo, ngakhale kuti pofika masana timakhala titafufutika kale.

Chipinda chimakhala ndi bedi louma bwino, nsalu yoyala imodzi, fani ya kudenga, TV ndi bafa lake. Bulangete mumachita kupempha. Zipinda zambiri zili ndi mabedi atatu kapena anayi chifukwa anthu amabwera ndi agogo, ana ndi azakhali omwe. Mukamva phokoso la anthu asanu ndi atatu m'chipinda choyandikana nanu, si phwando, ndi banja limodzi.

Pofunsa njira samalani. Ku Tamil Nadu mukati mukufuna "hotel", ambiri akulozerani malo odyera. Malo ogona amati "lodge".

Ndinamva kuti ena amabweza alendo akunja. Nzoona?

Nzoona, ndipo nthawi zambiri nkhani yake ndi ya mapepala. Lamulo la India limafuna kuti aliyense wogoneka mlendo wakunja atumize ku ofesi yoona zolowa ndi zotuluka fomu imene onse amaitcha Form C, pasanathe maola 24 mlendoyo atafika. Kahotela kamene sikanalembetse m'kaundula ameneyu sikangakulandireni, ngakhale zipinda zili mbwee. Ena amangoti "full" kuti nkhani ithe msanga.

Ndiye musanalipire chilichonse, imbani foni kapena lembani pa WhatsApp, munene poyera kuti muli ndi pasipoti ya kunja, mufunse ngati amalemba Form C. Kusungitsa malo pa intaneti pakokha sikukwanira: kompyuta imavomera, koma bambo wa pa tebulo ndi amene ali ndi kiyi. Pofika adzafuna pasipoti ndi viza kuti ajambule, adzafunsanso kumene mwachokera ndi kumene mukupita. Pasipotiyo akajambula akubwezereni pompo. Isagone pa tebulo lawo.

Kodi "24 hours checkout" ndiye kuti chiyani?

Ndi chizolowezi chofala kummwera kwa India. Mukalowa 5 koloko m'mawa, tsiku lanu litha 5 koloko m'mawa mwake. Zimakomera anthu ofika pa sitima ya usiku, koma zimapweteka munthu amene amaganiza kuti agona mpaka dzuwa litakwera. Mahotela ena anasintha n'kuika 12 koloko masana. Funsani, ndipo alembe nthawiyo pa risiti. Funsaninso ngati mtengo umene akutchula waphatikiza msonkho.

Nditenge chipinda cha AC kapena cha fani?

Zitengera mwezi. Kuyambira Epulo mpaka Juni kumatentha ngati ku Nsanje mu Okutobala, n'kuwonjezerapo chinyezi chomata thupi, ndipo apa AC si kudzikonda ayi. Mvula yambiri imagwa kuyambira Okutobala mpaka Disembala. Nyengo yabwino ndi Disembala mpaka Febuluwale, pamene fani yokha ikwanira. Magetsi amathima nthawi zina. Mahotela ambiri ali ndi jenereta kapena mabatire, koma kawirikawiri amangoyendetsa fani ndi nyali, osati AC.

Pemphani kuona chipinda musanalipire. Sachiyesa chipongwe. Yatsani fani, tsegulani mpopi, yang'anani ngati zenera lili ndi sefa wa udzudzu. Zipinda zina za mkati zilibe zenera n'komwe, ndipo zimanunkha chinyontho.

Nanga bafa ndi chimbudzi?

Mupeza ndowa yaikulu ndi kajagi. Shawa ikhoza kukhalapo, koma eni ake amasamba ndi ndowa, ndiye musadabwe ikamangodontha. Madzi otentha amachokera mu giza imene mumayatsa nokha mphindi zingapo musanasambe. Kwina amangotsegula m'mawa wokha, nthawi imene opembedza akusamba kuti apite ku kachisi ali oyera.

Zimbudzi zili mitundu iwiri, chokhalira chimene amati "western" ndi chonyonyomala chimene amati "Indian". Ngati muli ndi wodwala kapena wachikulire, nenani posungitsa malo, mufunsenso ngati kuli lifiti. Tishu samaika, amagwiritsa ntchito madzi. Nyamulani wanu pamodzi ndi thaulo ndi sopo. Madzi a pampopi musamwe. A m'botolo amapezeka paliponse, bola muonetsetse kuti chivindikiro sichinatsegulidwepo.

Kodi ndigona tulo?

Mugona, mukagona msanga. Tauni imadzuka kusanache. Pofika 5 koloko mabelu ayamba, mabanja akutsika masitepe, wina akuitana mnzake pakhonde ndi mawu onse. Pa zikondwerero mumamveka nadaswaram, chitoliro chachitali cholira kwambiri, ndi ng'oma yake yotchedwa thavil. M'mwezi wa Chitamil wa Margazhi, kuyambira pakati pa Disembala mpaka pakati pa Januwale, zokuzira mawu zimayamba nyimbo zachipembedzo kuli mdima bii. Kukadandaula pa tebulo n'kutaya nthawi. Wolandira alendoyo adzakuyang'anani modabwa, chifukwa anthu onse m'nyumbamo anabwerera zomwezo.

Amene tulo take n'tovuta apemphe chipinda cha kumbuyo, kapena agone chapatali ndi misewu yozungulira akachisi aakulu. Ine ndingasankhe kugona pafupi ndi kudzuka nawo limodzi. Kumbakonam ya 6 koloko m'mawa, amayi akugulitsa maluwa pachipata, miyala isanatenthe, ndi imene munthu amaiyendera ulendo wonsewo.

Tsiku ndilikonze bwanji?

Akachisi ambiri amatsegula m'mamawa, amatseka cha m'ma 12 koloko masana, n'kutsegulanso cha m'ma 4 koloko madzulo mpaka usiku. Maola a pakatiwo ndi odya ndi kugona, ndipo apa ndi pamene kugona pafupi kumapindula. Mlendo wodzuka 10 koloko amapeza zitseko zikutsekedwa ndi miyala yowotcha mapazi.

Ndine Mkhristu, mnzanga ndi Msilamu. Tiloledwa kulowa?

Malo ena inde, malo ena ayi. Awa si mabwinja ongoonera, anthu akupembedzamo tsiku ndi tsiku. Mu Januwale 2024 khothi lalikulu la Madras, limene limayang'anira chigawo cha Tamil Nadu, linalamula nthambi ya boma yoyang'anira akachisi kuti iike zikwangwani zonena kuti amene si Mhindu asapitirire pa kodimaram, mlongoti wa mbendera umene umaima kutsogolo kwa malo opatulika. Kakhazikitsidwe kake kamasiyana kachisi ndi kachisi. Mukaona chikwangwani kapena mlonda akakuimitsani, imani pomwepo popanda kukangana. Zosema zambiri zokongola zili pa nsanja ndi m'mabwalo akunja. Pa akachisi otchuka ndi alendo, monga wa ku Darasuram ndi wa ku Thanjavur, anthu a zipembedzo zonse amayenda m'mabwalo momasuka.

Palinso funso la mumtima, limene ambiri amachita manyazi kufunsa. Wansembe akhoza kukubweretserani mbale ya moto, phulusa loyera lopaka pamphumi, kapena chakudya choperekedwa kwa mulungu chimene amati prasadam. Simukakamizidwa kulandira. Gwirizanitsani manja, weramani pang'ono, bwererani m'mbuyo. Palibe amene akuthamangitseni. Chosayenera n'kulandira kenaka n'kutaya pansi anthu akuona.

Ndipo musaganize kuti kulibe kopempherera. Kumbakonam ili ndi dayosizi ya Katolika ndi tchalitchi chachikulu cha St. Mary's, ilinso ndi mizikiti. Kugombe la nyanja, ulendo wa maola awiri kapena atatu pa galimoto, kuli tchalitchi chotchuka cha Velankanni, chimene chikondwerero chake chimayamba pa 29 Ogasiti mpaka pa 8 Seputembala, ndipo chapafupi pomwepo pali Nagore Dargah, malo olemekezeka kwa Asilamu.

Ndivale chiyani?

Zophimba mapewa ndi mawondo. Amayi, chitenje chikugwirirani ntchito bwino. Abambo, buluku lalitali; m'malo ena opatulika amuna amavula malaya, muona ena akuchita. Nsapato zimatsala panja, pali posungitsira pa kandalama kochepa, ndiye valani zovula msanga. Foni: mu Disembala 2022 khothi lomwe lija linalamula kuti mafoni aletsedwe m'akachisi a Tamil Nadu, ndipo kwina mumasiya pachipata. Ngakhale pamene sakuletsa, musajambule chifaniziro cha mulungu m'chipinda cha mkati.

Nanga zakudya? Nsima ikapezeka?

Nsima ya chimanga musayembekezere. Kuno ndi kwa mpunga, m'mawa, masana ndi madzulo, ungosintha maonekedwe. Timahotela tambiri sitiphika n'komwe. Mumadya m'malo odyera oyandikana nato, kapena mnyamata wa pa hotela amakakugulirani.

M'mawa kuli idli, timikate toyera tofewa ta mpunga ndi mphodza tophika ndi nthunzi; dosa, chitumbuwa chopyapyala chokazinga pachiwaya; pongal, phala lolimba la mpunga ndi mphodza; ndi vada, wooneka ngati donasi koma wa mchere. Idli alibe tsabola, ndiye munthu wa m'mimba movuta ayambire pamenepo.

Masana itanitsani "meals". Akuyalirani tsamba la nthochi, inu muwazepo madzi ndi kupukuta ndi dzanja. Kenaka anyamata amadutsa ndi zidebe, wina mpunga, wina ndiwo zamasamba, wina sambar, wina rasam, msuzi wopyapyala wowawasa wa bwemba ndi tsabola. Amaonjezera mpaka mutanena kuti "podhum", ndiye kuti basi zakwana. Pomalizira anthu amasakaniza mpunga ndi chambiko kuti m'mimba muzizire. Idyani ndi dzanja lamanja lokha. Mukatha, pindani tsamba molozetsa kwa inu.

Sambar ameneyo mumulawe bwino. Maziko ake ndi nandolo wosenda, amene kumeneko amati toor dal, wophika ndi bwemba, n'kuikamo therere, mabiringano kapena zitheba za cham'mwamba. India ndi amene amagula nandolo wambiri wa alimi akummwera kwa Malawi, ndipo mu 2021 maiko awiriwa anasainirana mgwirizano woti India azigula matani 50,000 pachaka kwa zaka zisanu. Nandolo amene timagulitsa kwa mavenda pa sikelo ya m'mbali mwa msewu, ntchito yake kumeneko ndi imeneyi.

Musachoke osamwa khofi amene tauniyi imatchuka naye, "degree coffee", wa mkaka weniweni wa ng'ombe wosathira madzi. Amabwera mu kakapu ka mkuwa kokhazika m'kambale kakuya. Mumathira uku ndi uku mpaka azizire ndi kuchita thovu. Shuga amaika wambiri. Ngati simufuna, nenani asanapange.

Nyama ndi mowa?

Malo odyera ozungulira akachisi ndi a zamasamba zokhazokha, ndipo timahotela tina sitilola kulowa ndi nyama m'chipinda. Chapatali pang'ono mupeza malo a "non-veg" a biryani, nkhuku, mbuzi ndi nsomba. Ya ng'ombe musafunse m'dera la akachisi. Mowa wa m'mabotolo ku Tamil Nadu umagulitsidwa m'masitolo a boma otchedwa TASMAC ndi m'mabala a mahotela aakulu. Kumwera pakhonde la kahotela kodzaza mabanja odzapembedza n'kudzichotsa ulemu.

Ndilipira bwanji?

Ndi ma rupee a m'manja. Eni dziko amalipira pafupifupi chilichonse pafoni kudzera mu UPI, ngakhale nthochi ziwiri, koma njirayi imayendera akaunti ya kubanki ya ku India, ndiye mlendo wa masiku ochepa asaidalire. Makhadi akunja amakanidwa kawirikawiri m'timahotela. Sinthirani ndalama ku Chennai kapena pa bwalo la ndege, ndipo sungani zing'onozing'ono za auto (njinga yamoto ya matayala atatu yonyamula anthu), posungitsa nsapato ndi mnyamata wonyamula chikwama.

Chingerezi chikwanira?

Pa tebulo la hotela chikwanira, mukamalankhula mawu ochepa pang'onopang'ono. Mumsewu ndi Chitamil. Chihindi chimene munatola ku Delhi sichikuthandizani kwenikweni kuno. "Vanakkam" ndi moni, "nandri" ndi zikomo, "thanni" ndi madzi, "kaaram vendaam" ndiye kuti tsabola ayi. Woyendetsa auto kapena woperekera zakudya mumuitane kuti "anna", achimwene. Mayi wachikulire ndi "amma". Munthu akamapendeketsa mutu uku ndi uku pamene mukulankhula, sakukana, akuti wamva.

Monga munthu wakuda, andilandira bwanji?

Adzakuyang'anani, ndipo ena sabisa. Ku Kumbakonam anthu a ku Africa saonekaoneka. Ana adzakulozani, achinyamata adzapempha kujambulitsa nanu, wina adzafunsa ngati ndinu a ku Nigeria kapena West Indies chifukwa cha kiriketi. Ambiri ndi chidwi chabe, ndipo kukana chithunzi ndi ufulu wanu. Tsankho la khungu ku India liliko, sitingabise, koma m'tauni ngati iyi chotopetsa kwambiri ndi maso, osati nkhanza.

Mayi woyenda yekha asankhe kahotela kodzaza mabanja, osati ka pafupi ndi depoti ya mabasi, akhome chitseko ndi loko wa mkati, ndipo wogogoda usiku amuyankhire chitseko chili chotseka. Mwamuna ndi mkazi ofuna chipinda chimodzi akhoza kufunsidwa ngati ali pabanja, makamaka ngati maina a pa mapasipoti akusiyana. Chithunzi cha setifiketi ya ukwati pafoni chimathetsa nkhani.

Ndi liti pamene malo amasowa?

Pa Pongal, chikondwerero cha zokolola pakati pa Januwale. Pa masiku abwino a maukwati, amene kalendala yawo imatchula. Ndi pa Masi Magam, chikondwerero cha Ahindu chochitika mu Febuluwale kapena Malichi chaka chilichonse. Koma zonsezi n'zochepa poyerekeza ndi Mahamaham.

Pakati pa tauni pali dziwe lalikulu lomangidwa ndi masitepe amiyala, lozunguliridwa ndi timisasa tamiyala 16. Ahindu amakhulupirira kuti chigumula chitawononga dziko, mtsuko wa mulungu Brahma wosunga mbewu ya moyo unayandama n'kudzaima pano, Shiva anauboola ndi muvi, ndipo madzi ake anatayikira m'dziwe limeneli. Kamodzi pa zaka 12, pulaneti ya Jupiter ikalowa m'gulu la nyenyezi la Leo, amati mitsinje yonse yopatulika ya India imakumana m'dziwemo, ndipo wosambamo amayeretsedwa. Pa Mahamaham wa 2016 panafika anthu oposa miliyoni imodzi. Wotsatira ndi wa 2028. Mu 1992 anthu ambiri anafa pa kupondana pa mwambowu, ndipo kuyambira pamenepo apolisi amatseka misewu ndi kuyendetsa anthu njira imodzi. Nthawi imeneyo zipinda zimatha miyezi ingapo tsikulo lisanafike, mitengo imakwera kangapo. Ngati muli ndi wodwala, mwana wamng'ono, kapena simupirira chikhamu, sankhani mwezi wina.

Ndikafika bwanji kumeneko?

Kuchokera ku Chennai, sitima zonyamukira pa siteshoni ya Egmore zimatenga maola pafupifupi asanu ndi limodzi. Cholan Express imayenda masana, Uzhavan Express usiku. Matikiti amatha msanga, gulani masiku akadalipo. Bwalo la ndege lapafupi lili ku Tiruchirappalli, makilomita pafupifupi 90. M'tauni mumayenda pa auto, njinga yamoto ya matayala atatu; gwirizanani mtengo musanakwere.

Za viza ndi katemera funsani ku ofesi ya kazembe wa India ku Lilongwe, ndipo ngati mudzera ku Addis Ababa kapena Nairobi, nyamulani khadi lachikasu la katemera wa yellow fever. Mapulagi athu a mano atatu amakona salowa m'masoketi a ku India, amene mabowo ake ndi ozungulira, ndiye gulani adaputa. Poimbira kumudzi kumbukirani kuti India ili patsogolo ndi maola atatu ndi theka.

Ndikhale masiku angati, ndipo ndione chiyani kunja kwa tauni?

Mausiku awiri ndi ochepetsetsa, atatu ndi abwino. Yambani ndi Darasuram, makilomita ochepa chabe, kumene kuli kachisi wa Airavatesvara womangidwa ndi Rajaraja Chola II m'zaka za m'ma 1100. Khonde lake analisema ngati ngolo yokokedwa ndi akavalo, magudumu amiyala ali m'mbali, ndipo zipilala zake zili ndi tizithunzi tating'ono toti muyenera kuyandikira kuti muone. Ndi mmodzi mwa akachisi atatu a Chola amene UNESCO inawaika pa mndandanda wa chuma cha dziko lonse. Enawo ndi Brihadeeswarar wa ku Thanjavur, makilomita pafupifupi 40, amene Rajaraja Chola I anamaliza mu 1010 ndipo nsanja yake ndi yotalika mamita pafupifupi 60, ndi wa ku Gangaikonda Cholapuram, womangidwa ndi mwana wake Rajendra Chola I.

Ku Swamimalai amisiri amaumba zifaniziro za mkuwa mwa njira ya makolo awo: amaumba ndi phula, amakuta ndi dongo la mumtsinje wa Kaveri, amasungunula phulalo, n'kuthira chitsulo chamoto m'malo mwake. Ambiri amalola alendo kuonerera. Okonda masamu apite mu msewu wa Sarangapani Sannidhi, kumene kuli kanyumba kamene anakulira Srinivasa Ramanujan, katswiri wobadwa mu 1887. Lero ndi malo osungirako mbiri yake.

Wolandira alendo adzakuuzani za ulendo wa Navagraha, akachisi asanu ndi anayi a zakuthambo omwazikana m'midzi yozungulira, ndipo adzati ali ndi dalaivala wake. Opembedza amathamanga nawo onse tsiku limodzi kapena awiri, kunyamuka kusanache, kubwera usiku. Kwa munthu wongodzaona, ulendo umenewo ndi wotopetsa ndipo mizere yake ndi yaitali. Muuzeni dalaivalayo akuperekezeni ku Darasuram m'mawa ndi ku Gangaikonda Cholapuram madzulo, ndipo mtengo wa tsiku lonse, mafuta ndi zoimika galimoto, mugwirizane musanatuluke pa geti.